LISITI LIRIPO, NANGA KATUNDU ANADZA PA GALIMOTO YANJI?



Pa msonkhano wathu wapitawu nkhani ya feteleza inadya nthawi yonse, ndipo dandaulo limene anadza nalo mbale wathu wa sitolo ya malata linamveka anthu atayamba kale kunyamuka. Ena anati, "Imeneyo ndi nkhani ya eni masitolo, ife alimi itikhudza pati?" Ife a komiti tiri kunena kuti itikhudza ndithu. Chotero tailemba pano kuti yense aiwerenge modekha, ndipo amene maso anafooka amuwerengere mdzukulu wake.

Mbale wathuyu, amene dzina lake sititchula, ali ndi sitolo pa malo ena a malonda pakati pa Jenda ndi boma la Mzimba. M'chaka cha 2024 anapita ku Lilongwe kukaoda malata, simenti ndi misomali. Katundu yense anakwana K4,000,000. Pamwamba pake analipira msonkho uja autcha VAT, umene nthawi imeneyo unali K16.50 pa K100 iri yonse, ndiye kuti K660,000. Anampatsa lisiti, naliika m'thumba la jekete. Atatuluka anapeza lole imene inatsitsa tomato ndi anyezi wa ku Jenda pa msika, iri kubwerera yopanda kanthu. Anagwirizana ndi dalaivala pa K200,000, napakira, nafika usiku, natsitsa ndi nyali, namlipira m'manja. Dalaivala anamwa madzi napitirira ulendo wake. Dzina lake mbale wathu alidziwa loyamba lokha. Nambala ya galimoto sanailembe. Ndani wa ife akadailemba?

Patapita miyezi yambiri inafika kalata. Sitolo ija anaodako inali itatsekedwa, mwini wake osaoneka, ndipo msonkho umene ankalandira kwa ogula sunafike kumene unayenera kufika. Tsono onse amene anagula kumeneko anafunsidwa kuti asonyeze umboni wakuti malondawo anachitikadi, ndi kuti katunduyo anayendadi kuchoka ku Lilongwe kufika m'masitolo mwao. Mbale wathu anatulutsa lisiti lija. Anamuyankha kuti, "Lisiti taliona, bambo. Nanga katundu anadza pa galimoto yanji? Anamulandira ndani? Analembedwa m'buku liti?" Iye analibe poyankha, koma kuloza madenga a nyumba za m'mudzi.

Kuti timvane bwino, tiyambe tafotokoza m'mene msonkho umenewu uyendera, pakuti ambiri a ife timaulipira tsiku ndi tsiku osaudziwa nkhope yake. Atikhululukire amene anene kuti mlembi wao wabwera ndi choko cha ku sukulu. Wamalonda wolembetsedwa akagula katundu amalipira VAT kwa womgulitsa. Akagulitsa katundu yemweyo amalandira VAT kwa womgula. Pofika pa 25 mwezi wotsatira ayenera kupereka chiwerengero chake ku bungwe lotolera misonkho la MRA, ndipo amaloledwa kuchotsa msonkho umene analipira pogula pa msonkho umene analandira pogulitsa, napereka ku Boma chotsala chokha. Mbale wathu anagulitsa katundu uja pa K4,800,000, nalandira msonkho wa K792,000. Kuchotsapo K660,000 imene anasiya ku Lilongwe, ngongole yake ku Boma inali K132,000, ndipo anailipira. Koma ngati kuchotsera kuja kwakanidwa, K660,000 ija ayenera kuilipiranso kachiwiri, ya m'thumba mwake. Tawerengani nokha. Phindu lake linali K800,000. Chotsanipo K200,000 ya lole, chotsanipo K660,000. Watsala ndi ngongole ya K60,000, asanalipire lendi, asanalipire mnyamata wogulitsa, asanawerenge chilango chimene chimadza ndi msonkho wochedwa. Wayenda ulendo wa makilomita opitirira 200 kupita ndi ena otero kubwera kuti akagule umphawi.

Nanga mlimi zimkhudza pati? Mlimi ndiye ali kumapeto kwa chingwe. Iye sanalembetsedwe, alibe pochotsera. Akagulitsa fodya, soya kapena nyemba zake nakagula malata, msonkho wonse umathera pa iye. Mai amene mwana wake ali ku Joni natumiza ndalama zomangira nyumba, ndipo m'Mzimba muno mudzi wopanda mwana ku Joni ngwosowa, msonkho wonse umathera pa iye. Wa sitolo akaluza K660,000 chaka chino, saidya yekha mphwayi imeneyo. Chaka cha mawa aiika pa mtengo wa lata liri lonse, kapena atseka sitolo, ndipo ife tidzakwera matola kukagula misomali ku Kasungu kapena ku Mzuzu. Pamenepo lata limodzi lakhomeredwa msonkho kawiri, ndipo wolipira kawiriyo ndi yemwe uja anati nkhaniyi simkhudza.

Kale msonkho umenewu unali nkhani ya makampani a ku Blantyre ndi ku Limbe. Unkatchedwa surtax. Mu 2002 anaufikitsa kwa opikulitsa ndi a masitolo, ndipo mu 2005 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la VAT. Ngakhale pamenepo wa sitolo wa ku mudzi unkamlambalala, pakuti olembetsa mokakamizidwa ndi okhawo amene malonda ao apitirira malire oikika pa chaka. Mu 2020 malirewo anakwezedwa kuchoka pa K10 miliyoni kufika pa K25 miliyoni. Koma mu 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 pa 100. Mitengo inalumpha. K25 miliyoni pa chaka ndi K2 miliyoni ndi pang'ono pa mwezi, pamene ulendo umodzi wokha wa mbale wathu unali wa K4 miliyoni. Chotero munthu wogulitsa matumba a simenti omwewo amene ankagulitsa kale anadzuka m'mawa ali m'gulu limodzi ndi makampani okhala ndi akalaliki ao, magalimoto ao ndi mabuku ao osindikiza. Sitolo yake sinakule, ndalama ndiyo inachepa.

Tsono pano tinene poyera, kuti wina asatinamizire kuti nthambi yathu iri kuphunzitsa anthu kuzemba msonkho. Iai. Makolo athu anafuna Boma lao-lao nalipeza mu 1964, ndipo walira mvula walira matope. Mankhwala a m'chipatala, choko cha m'sukulu ndi phula la pa mseu sizigwa kumwamba. Ndiponso funso lija anamfunsa mbale wathu siliri funso lopusa. Alipo anthu, m'dziko muno ndi m'maiko ena, amene malonda ao ndi mapepala okha. Wina atsegula kampani ya dzina lokha, nalemba invoisi ya katundu amene sanakhaleko. Mnzake atenga invoisiyo nachotsera msonkho umene palibe anaulipira, nagawana. Palibe lata linayenda, palibe thumba linanyamulidwa, koma ndalama zatuluka m'nkhokwe ya dziko. Ameneyo ndi mbala, ndipo aba kwa mai wogona pansi m'chipatala. Kalaliki wa msonkho akhala ndi mapepala awiri pa tebulo, la mbala ndi la munthu woona, ndipo onse awiri afanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Adzawasiyanitsa ndi chiani? Ndi ulendo wa katundu. Katundu weniweni amasiya mapazi, katundu wabodza alibe mapazi.

Nkhani yomweyi inafika mpaka ku Bwalo Lalikulu la milandu la ku India. Mu Malichi 2023, pa mlandu wa boma la Karnataka ndi kampani yogula khofi ya Ecom Gill, oweruza anagamula kuti invoisi ndi umboni wakuti munthu analipira ndi cheke sizikwanira pa zokha. Anati wofuna kuchotsera msonkho ndiye asenze mtolo wosonyeza kuti malonda anachitikadi: dzina ndi malo a womgulitsa, galimoto imene inanyamula katundu, malipiro a ulendo, ndi umboni wakuti katundu analandiridwa. Mau amenewo ngolimba, ndipo tisaganize kuti akalaliki a misonkho a maiko ena sawamva. Koma taonaninso mbali ina. Ku India komweko, kuyambira mu Epulo 2018, Boma linakhazikitsa chikalata cha ulendo chimene achitcha e-way bill. Katundu wopitirira marupi 50,000 akamachoka m'chigawo china kupita ku china, chikalatacho chimalembedwa pa kompyuta kapena pa foni galimoto isananyamuke, ndipo nambala ya galimoto imalowa momwemo. Wogulitsa achidziwa, dalaivala achidziwa, wogula achidziwa. Boma likafunsa, lifunsa chinthu chimene linayamba lanena kuti chidzafunsidwa, ndi chimene linapereka njira yochipezera.

Apa ndipo pali dandaulo lathu. Chimene amalonda a kwathu kuno anaphunzira bwino ndi lisiti. Kuyambira mu 2014, pamene makina aja a EFD anayamba kuikidwa m'masitolo, uthenga wa pa wailesi unali umodzi: funsani lisiti, musachoke popanda lisiti. Mu 2025 MRA inayamba kubweretsa njira yatsopano yolembera ma invoisi pa intaneti, ija aitcha EIS, ndipo nayonso nkhani yake ndi ya kulemba malonda pa nthawi yogulitsa. Zonsezi nzabwino. Koma lisiti linena za pa kauntala pokha. Za pa mseu silinena kanthu. Ndipo mseu wa kwathu suli ngati wa makampani akulu. Kampani yaikulu ikatumiza katundu, dalaivala wake amanyamula kalata yoperekeza katunduyo, ija a m'masitolo amati delivery note, ndipo wolandira amasaina. Nanga wa ku Luwerezi, wa ku Khosolo, wa ku Embangweni, wa ku Edingeni? Katundu wake akwera lole ya tomato, kapena pa denga la basi, atsika pa Jenda, akweranso matola, ndipo mwina ulendo wotsiriza authera pa ngolo ya ng'ombe kapena pa njinga ya kabaza. Onyamula anai pa ulendo umodzi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe ali ndi buku la malisiti. Kodi munthu ameneyu tidzamutcha wabodza chifukwa mseu wa kwao ulibe mathiraki a makampani? Kodi tchimo la wopikulitsa amene anathawa ndi msonkho ligwere iye amene anaulipira kale?

Komabe tisadzinamize kuti mapepala a ulendo ndi chinthu chachilendo kwa ife. M'Mzimba muno ndife anthu a ng'ombe. Ndani wa ife angayendetse ng'ombe kuchoka m'khola mwake kupita ku msika wa kutali popanda chilolezo cha alangizi a ziweto? Palibe, pakuti adziwa kuti pa chipata cha pa mseu adzamutenga ngati wakuba, ngakhale ng'ombeyo anabadwa nayo. Onyamula matabwa a ku Chikangawa nawonso amayenda ndi makalata a za nkhalango. Ndipo timayamika malamulo amenewo, chifukwa ndiwo amabweza ng'ombe zathu zikabedwa. Tsono ng'ombe imodzi tiilembera kalata, koma katundu wa mtengo wa ng'ombe zingapo timpakira usiku pa galimoto ya munthu amene timdziwa dzina limodzi. Kulakwa kumeneku nkwathu, ndipo mbale wathu nayenso anavomera pamaso pa komiti.

Agogo athu anaidziwa mphamvu ya kapepala. Angoni a kuno analowa pansi pa ulamuliro wa Angerezi mu 1904, pamene Alfred Sharpe anakumana ndi mafumu ku Ekwendeni, ndipo msonkho unayamba kukhomedwa mu 1906. Kuyambira pamenepo mwamuna wopita ku migodi ya ku Harare kapena ku Joni ankasunga chiphaso chake cha msonkho m'kachitini, nachimanga m'nsalu, pakuti ankadziwa kuti wolipira amene wataya chiphaso ndi wosalipira ali chimodzi-modzi pamaso pa msilikali. Ambiri a iwo sankadziwa kuwerenga. Ife adzukulu ao tinapita ku sukulu, tiri ndi mafoni ojambula zithunzi m'matumba, koma malisiti athu ali m'katoni ya sopo pansi pa kauntala, pamodzi ndi mphemvu. Ndipo tikumbutsane kuti pepala lotuluka m'makina aja limafufutika. Likakhala pa dzuwa kapena pa malo otentha miyezi yowerengeka, limayera ngati silinalembedwepo. Pamene tinatsanula katoni ya mbale wathu pa tebulo la sukulu, malisiti ena sitinathe kuwerenga ngakhale dzina la sitolo. Mlandu suola, koma lisiti limafufutika, ndipo funso lingadze patapita zaka.

Chotero komiti yagwirizana kuti ilembere phungu wa dera lathu ndi akulu a MRA, ndipo mau a kalatayo tidzawawerenga pa msonkhano musanavomereze. Chachikulu chimene tiri kupempha nchakuti Boma linene poyera, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, pa wailesi ndi pa mapepala omata m'misika, umboni wa ulendo umene lidzaulandira kwa wamalonda wa ku mudzi. Lisayembekeze tsiku la mlandu kuti linene. Ndipo umboniwo ukhale wotheka kwa munthu wa matola: tsamba la m'kope lolembedwa tsiku, nambala ya galimoto, dzina ndi foni ya dalaivala, kuchuluka kwa katundu, ndi saini kapena chidindo cha chala, uthenga wa pa foni wosonyeza kuti wonyamula analipidwa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, buku la m'sitolo losonyeza kuti malata analowa tsiku lakuti natuluka masiku akuti-akuti. Munthu amene angasonyeze kuti anagulitsa malata 200 nalipira msonkho wake, malatawo anawatenga kuti ngati sanawagule? Sanawaumbe ndi dothi. Tiri kupemphanso kuti wopikulitsa ali yense wolembetsedwa akakamizidwe kupereka kalata yoperekeza katundu pamodzi ndi lisiti, pakuti iye ndiye ali ndi makina, akalaliki ndi chidindo, ndipo kwa iye ndi nchito ya mphindi imodzi. Ndipo wogulitsa akathawa ndi msonkho, Boma liyambe lamlondola iyeyo. Linampatsa nambala ya msonkho, lidziwa kumene analembetsera. Wogula wa mtima woona asakhale woyamba kugwidwa chifukwa chokha chakuti sitolo yake siyenda.

Ena m'komiti anati tisapemphe zimenezi, pakuti tikatchula mapepala a ulendo tidziitanira tokha lamulo lina lolemetsa. Tinakambirana mpaka dzuwa kulowa. Mantha ao tiwamva, chifukwa pepala liri lonse latsopano limabala munthu wina woima pa chipata ndi dzanja lotambasula. Koma funsolo liri kufunsidwa kale, monga mbale wathu waonera. Kuli bwino kudziwa poyamba chimene udzafunsidwa kusiyana ndi kuchimva uli m'bwalo. Chimene sitidzavomera ndi chikalata chogula, kapena chokatenga ku ofesi ya ku Mzuzu. Chikhale chaulere, cholembedwa pomwe katundu apakiridwa.

Tsopano mau kwa amalonda athu, ndipo ena awamva kuwawa. Tidziwa chimene chimachitika pa kauntala ya opikulitsa ena. Amakuuzani kuti, "Ndi lisiti mtengo ndi uwu, popanda lisiti ndi uwu," ndipo ambiri mumasankha wotsikawo, muli kusekerera kuti mwachenjera. Ngati munalembetsedwa, mwadzidula nokha mwendo. Mukadzagulitsa katunduyo mudzapereka msonkho wonse popanda chochotsera, kapena mudzayamba kubisa malonda anu, ndipo kubisa kumodzi kumabala kwina. Funsani lisiti lenileni, muone kuti dzina la sitolo yanu ndi nambala yanu ya msonkho, ija aitcha TPIN, zalembedwapo, ndipo mulijambule pa foni kapena pa fotokope tsiku lomwelo. Lipirani kudzera ku banki kapena pa foni pamene kuli kotheka. Dalaivala akakana kulemba dzina lake m'kope lanu, dzifunseni chifukwa chake, ndipo nambala ya galimoto ilembeni nokha, pakuti iri poyera kutsogolo ndi kumbuyo.

Kwa iwo amene amatenga katundu ku Lundazi ndi madera ena a ku Zambia, nkhani ndi yaifupi. Katundu wolowa m'dziko, chochotsera msonkho wake ndi pepala la kasitomu, limene munthu amalandira akadzera pa chipata monga cha Mqocha nalipira. Wodzera njira za m'tchire usiku alibe pepala, alibe chochotsera, ndipo asadze ku nthambi kudzapempha kuti timlembere kalata. Sitidzalemba.

Mbale wathu uja nkhani yake sinathe. Tinamthandiza kusonkhanitsa zimene zinalipo. Mnyamata wake wogulitsa, Mulungu amdalitse, anali ndi kope la sukulu m'mene ankalemba malata otuluka tsiku ndi tsiku, osati chifukwa cha msonkho koma poopa kuti abwana angamnamizire kuba. Amai ena ogulitsa tomato pa Jenda anaikumbukira lole ija, ndipo mmodzi wa iwo anali ndi nambala ya foni ya dalaivala. Dalaivalayo tampeza, ali moyo, ndipo wavomera kulemba kuti ananyamula katunduyo, ngakhale tsiku lenileni ali kulikayika. Anthu asanu ndi awiri amene anagula malatawo asaina kuti anagula. Zonsezi zatumizidwa, ndipo tiri kudikira yankho. Nchito imene ikadatha pa mphindi zisanu usiku uja yatidyera masabata atatu ndi ndalama za maulendo awiri.

Loweruka loyamba la mwezi wa mawa, tikatha msonkhano wa nthambi, mlembi ndi msungichuma adzatsala m'chipinda cha Sitandade 8. Ali yense wa sitolo, wa chigayo kapena wa butchala, wolembetsedwa ndi wosalembetsedwa yemwe, adze ndi katoni yake ya mapepala ndi kope latsopano la masamba 80. Tidzajambula mizere pamodzi ndi kusonyezana polemba. Eni malole ndi a matola a m'nthambi muno adzenso, pakuti dzanja lao ndilo lifunika pa tsambalo. Amene sanapereke chopereka cha chaka chino adze nacho tsiku lomwelo, ndipo msungichuma adzampatsa lisiti.

Mlembi wa Nthambi